Imelo yoti wina akulowa mu akaunti yanga, ndi yoona kapena ndi akuba?

Abale tandithandizeni nzeru. Ndalandira imelo yoti wina wayesa kulowa mu akaunti yanga pa kompyuta ya Windows ali ku Vietnam, chonsecho ine ndimangogwiritsa ntchito foni basi, VPN (pulogalamu yobisa komwe uli pa intaneti) sindinayatsenso. Mmunsi mwake muli batani loti ndidine ngati si ine koma ndikuopa, paja akuba amatumizanso mauthenga ofanana ndi amenewa, ukadina amakufikitsa pa tsamba labodza n'kulembapo pasiwedi wekha. Batanilo sindinalikhudze, ndalowa pa app kukaona zipangizo zomwe zili mu akauntiyi, ikuoneka foni yanga yokha. Ndiye imeloyi ndi yabodza kapena munthuyo wangolephera kulowa? Ndisinthebe pasiwedi? Nanga pa 2-step verification (kutsimikizira ndi kodi kuwonjezera pa pasiwedi) chabwino n'chiti, makodi a pa SMS kapena authenticator app (app yopanga makodiwo pa foni), poti nkhani za SIM swap (akuba kusamutsira nambala yako ku SIM yawo) zikundiopsa ine.