Ndithandizeni maganizo pa nyimbo yolemekeza madalaivala akale a mathiraki

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikulemba kuchokera ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. Bambo anga apuma pa ntchito yoyendetsa thiraki, ndipo mwezi wamawa anzawo akale adzasonkhana kwathu kudzawathokoza. Popeza ndimaimba gitala pang'ono, ndaganiza zopeka nyimbo yosimba moyo wawo wa pamsewu.

Zoti ndiikemo sizikusowa. Iwo adayamba kuyendetsa nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, nthawi imene mathiraki ankayenda mondondozana kuchokera ku Zobue, kudutsa ku Tete mpaka ku Nyamapanda, asilikali akuwaperekeza. Amasimbanso za kugona masiku angapo pa chipata cha Dedza podikira mapepala a katundu, akuphika nsima pambaula m'mbali mwa matayala kuthawa mphepo ya mu June, ndiponso za chitunda cha Chiweta, chimene munthu amatsika ndi giya yoyamba kuopa kupsereza mabuleki. Ineyo chimene ndimakumbukira n'chakuti ankaima pamsika wa Lizulu, kutipatsira shuga ndi mafuta ophikira pazenera, n'kunyamuka injini isanazizire n'komwe.

Chandiimitsa mutu ndi ichi. Nyimboyi ikakhala yongotamanda idzakhala yabodza, chifukwa amayi adatilera okha, ndipo pa maliro a agogo, bambo adali ku Beira kudikira katundu. Anzawo ambiri adatisiya, ena pa ngozi, ena ndi matenda a Edzi, ndipo ena mwa akazi awo amasiye adzakhalapo tsikulo. Kodi zoterezi ndiziimbe, kapena ndingakhale ndikutosa bala pa tsiku lachisangalalo?

Yankho loyamba: Mwana wanga, ine ndidayenda njira ya Beitbridge kwa zaka zambiri. Mayina a anzathu omwalirawo uwatchule mmodzimmodzi, chifukwa tikakumana timawatchula ndithu, koma chimene chidawatenga usachitchule pamaso pa mabanja awo. Amayi ako uwapatse ndime yawoyawo, ndipo ikhale yoyamba.

Yankho lachiwiri: Achimwene, ine ndine mkazi wa dalaivala. Za malirozo muyambe mwawafunsa bambo anu muli awiri, pakuti mwina mpaka lero zimawapweteka kuposa mmene mukuganizira.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndikawafunsa Loweruka likudzali, ngakhale ndikuopa kuti akangoseka n'kuyamba kusimba za ku Tete, monga amachitira nthawi zonse nkhani imeneyi ikayambika.