Marozi akungoda mu botolo, thandizeni

Wakulabu: Abale amene munagwirako tissue culture (kumeretsa timbewu mu mabotolo mu labu) ndithandizeni. Ndikuyesa kuchulukitsa marozi mu labu, ndimadula kanthambi kamfundo imodzi kokhala ndi diso nkuika pa MS medium (chakudya cha timbewu ta mu botolo), shuga 30g pa lita, pH 5.8. Koma pakangotha masiku ochepa agar (chonga jelly chomwe chimalimbitsa medium) yense pozungulira podulapo amada bii, kanthambi nkufa, mabotolo ena achita chuku. Tochepa tomwe taphukira masamba ake ndi achikasu. Nditani?

Mayi Maluwa: Kudako si matenda ayi achimwene, ndi ma phenol omwe rozi amatulutsa pabala, akakumana ndi mpweya amada nde amapha kanthambi komweko. Musadikire, mawa lake lomwe samutsirani mu botolo lina, kakadetsanso samutsaninso mpaka kasiye. Masiku oyamba sungani mumdima. Ena amaviika kaye mu ascorbic acid (vitamin C), ena amathira activated charcoal (ufa wa makala apadera) mu medium pang'ono, koma charcoal amayamwanso ma hormone ndiye musachulutse. Komanso nthambi yokhwimitsa imada kwambiri, tengani maso apakati pa nthambi yomwe yangotha kumene maluwa.

Tekinishani: Chukucho nthawi zambiri chimabwera ndi nthambi yomweyo makamaka mukadula kumunda nyengo yamvula. Chotsani masamba ndi minga, tsukani ndi sopo pampopi madzi akuyenda kwa mphindi 30, kenako ethanol 70% masekondi 30 okha, kenako Jik wosungunula mphindi 10 mpaka 15, tsukuluzani katatu ndi madzi opita mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha), nsonga zomwe zayera ndi Jik mudule mutaye. Medium ikhale mu autoclave pa madigiri 121 kwa mphindi 15 mpaka 20, magetsi akavuta pressure cooker pa gasi imagwira ntchito yomweyo bola musafupikitse nthawi.

Wakulabu: Zikomo kwambiri, zosamutsa mawa lake ndiyamba sabata ino. Nanga chikasu chija?

Mayi Maluwa: Chimenecho kawirikawiri ndi kusowa kwa ayironi. Marozi ambiri sakhuta ndi ayironi wa FeEDTA wa mu MS wamba, mukapeza ayironi wa mtundu wa FeEDDHA masamba amabiriwira ndithu. BAP (hormone yophukitsa mphukira) ikani 1 mpaka 2mg pa lita basi, mukapitirira mphukira zimatupa nkumaoneka zamadzimadzi, zimenezo sizipulumuka panja. Za mizu, MS wa theka la mphamvu yake ndi IBA (hormone yomeretsa mizu) pang'ono. Ndipo potulutsa mutsuke agar yense kumizu, muvindikire ndi pulasitiki nkumatsegula pang'onopang'ono, timbewu ta mu botolo sitinazolowere mpweya wouma, tsiku limodzi lokha timafota tonse.