Chikwangwani cha P10: mizere iwiri ikuyaka, iwiri yazima

Wamawayilesi pa Kasungu boma: Akuluakulu ndithandizeni. Andibweretsera chikwangwani cha magetsi cha pagolosale, mapanelo awiri a P10, aja a timagetsi ta LED toonetsa zilembo. Loyamba lili bwinobwino. Lachiwirili mizere iwiri ikuyaka, iwiri yazima, choncho mpaka pansi, zilembonso zangopiringizana. 5V ikufika. Ndasintha kale 4953 imodzi, kachipi kopereka magetsi ku mizere, palibe chasintha. Eni ake akuchifuna mawa.

Wamafoni ku Santhe: Ndi chipi ya 74HC138 imeneyo achimwene, ingochotsani muike ina.

Mdala wa ku Nkhamenya: Dekhani kaye anyamata, musawotche bolodi ya eni. 138 ija ndi demultiplexer. Ili ngati munthu wothirira nazale ya fodya ndi paipi imodzi: madzi ndi omwewo, koma amathira bedi limodzi panthawi, ndipo womuuza bedi lake ndi wina. Owuzawo ndi A, B ndi C, mapini 1, 2 ndi 3. Atatuwa amasankha khomo limodzi mwa 8, Y0 mpaka Y7. Khomo losankhidwalo limatsika pa 0V, enawo amakhala pa 5V. Ambiri amasokonezeka pomwepa, amayesa kuti lomwe latsika ndiye lafa.

Panelo lanulo lili ndi mizere 16 ndipo imayaka mosinthana m'magulu anayi, kungoti mwaliwiro moti diso siliona. Ndiye A ndi B okha akukwanira. A ndi B onse ali 0, yatsegula Y0, kuyaka mzere 1, 5, 9 ndi 13. A akakwera yekha pa 5V ndi Y1. Y2 ndi Y3 sizingatseguke B asanakwere. Tsono werengani mizere yanuyo. B sakukwera ameneyo, ndiye zonse zofunika kupita mzere 3 ndi 4 zikuthiridwa pa 1 ndi 2, n'chifukwa chake zilembo zapiringizana. Akanafa A, bwenzi ukuyaka umodzi, kuzima umodzi.

Wamafoni ku Santhe: Komabe mdala, 138 ikhoza kufa mkati pini yomweyo.

Mdala wa ku Nkhamenya: Ikhoza, sindikukana. Koma mita ilipo, bwanji osayeza? Ikani pa DC, panelo likuyaka. Pini 1 ndi pini 2 za 138 zizionetsa cha m'ma 2.5V chifukwa zikukwera ndi kutsika. Pini 2 ikakhala pa 0, tsatirani njira yake chobwerera, kudutsa pa chipi ya 74HC245 mpaka pa lamba wa mawaya 16 uja. Pa lambayo B amalowera pa pini 4. Pini 2 ya 138 ikaonetsa 2.5V koma mizere ili chizimire, pamenepo a ku Santhe awina, ndiwagulira Fanta.

Wamawayilesi pa Kasungu boma: Pini 1 ikuti 2.4V, pini 2 ziro. Ndasolola lamba wolumikiza mapanelo awiriwa, pini 4 yachita kubiriwira, kuigwira yangothothoka. Chikwangwanichi chinali pakhonde dzinja lonse, madzi amalowera pa bowo la waya. Ndaika lamba wina, mizere yonse 16 yayaka.

Wamafoni ku Santhe: Fanta yanga yapita basi. Bowolo mutseke ndi silikoni musanabweze.

Wamawayilesi pa Kasungu boma: Ndatseka kale. Zikomo mdala. 4953 ndinaichotsa ija inalibe mlandu, ndaiponya m'kachitini ka zotsala.