"Mickle" ndi chaching'ono kapena chachikulu? Mwana wandiseka

NaBanda_Paisley:
Abale ndithandizeni. Gogo wina wachi-Scotland amene ndimamusamalira kuntchito amakonda kunena kuti "mony a mickle maks a muckle" ndikamatolera timakobidi totsala patebulo pake. Ine ndinkangoti ndi "pang'onopang'ono ndi mtolo" wathu uja. Dzulo ndimamulangiza nawo mwana wanga za kusunga ndalama, iye kuseka chikhakhali. Akuti amayi, mickle ndi muckle ndi liwu limodzi, onsewo ndi "chachikulu". Chiyambire kuphunzira Scottish Literature pa yunivesite ya Glasgow, pakhomo pano sitipuma. Wolondola ndani?

Mbewe_wa_ku_Leith:
Achemwali, mickle ndi kakang'ono basi. Zaka 19 ndili kuno ndipo aliyense amanena chimodzimodzi. Mungaunjike bwanji zazikulu kuti zikhale chachikulu?

Nachisale:
Mwandikumbutsa agogo anga. Ankatola chimanga chogwa pansi pokonola, njere imodziimodzi, n'kumati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ukataya nsima yotsala ankakuyang'ana osanena kanthu, ndipo njala inkatha yokha.

Chikondi_G:
Ndine mwana uja, amayi andikokera muno. A Mbewe pepani, muone mu Scottish National Dictionary, mavoliyumu 10 amene anamalizidwa mu 1976, pano ali pa intaneti mwaulere. Mickle ndi muckle ndi katchulidwe kawiri ka liwu limodzi. Kakang'onoko mu Scots, chilankhulo cha kuno ku Scotland, ndi "pickle", ndiye mwambiwo umayenera kukhala "mony a pickle maks a muckle". Koma kusokonekeraku n'kwakale: George Washington analemba za ma mickle opanga muckle m'kalata mu 1793, n'kumautcha mwambi wa ku Scotland.

Mbewe_wa_ku_Leith:
Ndiye mwandithandiza, mwanangu. Ngati anthu akhala akunena choncho kuyambira 1793, cholakwika chili pati? Mwambi ndi wa pakamwa, si wa dikishonale.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Mbewe pamenepo muli ndi mfundo ndithu. Koma tisawanyoze a mabukuwa. Kwa nthawi yaitali zolemba za ku Scotland ankangoziika pambali m'maphunziro a Chingerezi. Dipatimenti yakeyake ku Glasgow inayamba mu 1971, ndipo pulofesa wa phunziroli payekha anabwera mu 1995, Douglas Gifford. Popanda anthu ngati amenewa, ndani akanasunga mawu monga pickle? James Kelly anasonkhanitsa miyambi ya ku Scotland mu 1721. Pano ana a sekondale kuno salemba mayeso a Chingerezi popanda funso la wolemba wa ku Scotland.

NaBanda_Paisley:
Ine vuto langa si Kelly, ndi kusekedwa ndi mwana wobereka ndekha.

Nachisale:
Ndiye ana a masiku anotu. Wanga ndinamuuza kuti "mutu umodzi susenza denga", iye n'kufunsa kuti denga lake la malata kapena la udzu. Akatsegula pakamwa ndi "boboo", "za zii", theka Chingerezi.

Chikondi_G:
Anti, nawonso agogo a kuno amadandaula zomwezo. Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 1.5 miliyoni olankhula Scots, koma anzanga m'kalasi ena amakumana ndi mawuwa koyamba m'buku, pomwe agogo awo ankakalipiridwa kusukulu akawalankhula.

Mbewe_wa_ku_Leith:
Mwaona? Amawadziwira m'buku. Ine ndinaumva kwa dalaivala mnzanga wa basi wobadwira ku Fife, ndipo mickle wake anali wamng'ono.

NaBanda_Paisley:
Lero ndawafunsa gogo aja kuti mickle n'chiyani. Andiyang'ana n'kunena kuti amayi awo ankanena choncho, ndiwaikire tiyi.

Mbewe_wa_ku_Leith:
Mawa mukawafunsenso bwinobwino, mubwere mudzandiuze.