Mfundo ikukodwa pa pulley, ndiluke bwanji chingwe?

Phiri wa ku Mchini: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Tikukumba chitsime ku Kapata, tafika mamita 9. Chingwe chathu cha pulasitiki cha buluu, cha 16 mm, chinadyeka pamene chimakhula pamwala wa pakamwa pa chitsime, ndiye ndinadula poipapo n'kumanga mfundo. Tsopano mfundoyo ikukodwa pa pulley, kagudumu kodutsapo chingwe pokweza ndowa, ndowa yodzaza dothi imangoima m'malere mnyamata ali pansi. Ndinamva kuti chingwe amachiluka osamanga mfundo. Ndiyambire pati, nanga ndigule zida zanji?

Tembo, Katete: A Phiri, choyamba mnyamatayo atuluke, asalowenso mpaka mutakonza. Mfundo imapinda chingwe mwamphamvu, ndipo ikhoza kuchichotsera mphamvu pafupifupi theka. Ndowa ya dothi lonyowa ikagwa kuchokera pamwambapo, ku chipatala cha Chipata Central mupitako ndi maliro.

Mwale wa malole: Ndinaphunzira kuluka tikumanga katundu wa thonje pamalole. Zida musataye nazo ndalama. Mufunika mpeni wakuthwa, tepi yamagetsi, machesi kapena laita, ndi chosongoka chotsegulira chingwe, chomwe azungu amati fid. Changa ndinasema ku mtengo wa mlombwa, kutalika ngati chikhatho, chonenepa kumbuyo, chosongoka koma chosabaya kutsogolo, n'kuchisalaza ndi sandipepa. Nyanga ya mbuzi imagwiranso ntchito. Sikuludiraiva ayi, pokhapokha mutaipala m'mbali, chifukwa imadula ulusi mkati inu osaona.

Koma funso langa: chingwe chonse chinali chachitali bwanji, ndipo munadula pati?

Phiri wa ku Mchini: Mamita 25. Ndinadula cha pa mamita 6 kuchokera kundowa.

Mwale wa malole: Ndiye musalumikize n'komwe. Kalukidwe kophweka kolumikiza zingwe ziwiri, short splice, kamanenepetsa chingwe, kakodwanso pa pulley ngati mfundo yanuyo. Kamene kamadutsa bwino ndi long splice, koma kameneko si koyambira munthu wosadziwa. Tengani chidutswa cha mamita 19, chikukwanirani. Kumapeto kwake lukani diso lokolowekapo ndowa.

Chingwecho n'chopotedwa ndi tizingwe titatu. Yezani masentimita 30 kuchokera kunsonga, kulungani tepi pamenepo, masulani titatuto mpaka patepi. Nsonga iliyonse muiwotche pang'ono kuti isabalalike. Pindani chingwe kupanga diso la kukula komwe mukufuna. Tsegulani chingwe chachikulu ndi chosongoka chija, lowetsani ka pakati pa titatu tomasula tija pansi pa kachingwe kamodzi ka chingwe chachikulucho, mopingasa ndi mmene chinapotedwera. Ka kumanzere kadumphe kamene mwalowetsapo kaja, kalowe pansi pa kotsatira. Kenako tembenuzani chonse, kachitatu kalowe pansi pa kamene katsala kosagwidwa. Apa ndi pamene aliyense amasokonezeka, ngakhale ine ndinamasula kangapo tsiku loyamba. Mukaona tiwiri tatulukira mpata umodzi, mwalakwitsa, bwererani. Kuchoka apo n'kudumpha kamodzi, kulowa pansi pa kamodzi, mukukoka mofanana konse.

Sakala, Petauke: Ife timazungulira katatu basi, sichinatisiyepo.

Mwale wa malole: Katatu n'pa chingwe cha khonje, a Sakala, chifukwa khonje ndi wokhakhala, amadzigwira yekha. Pulasitiki ndi nayiloni zimaterera, muzungulire kasanu. Mukamaliza chiikeni pansi muchigudubuze ndi nsapato kuti chikhazikike. Nsonga zotsala musadule motheratu, siyani ngati kukula kwa chala n'kuwotcha, poti katundu akayamba kukoka zimalowerako pang'ono.

Sakala, Petauke: Zoona, chathu n'cha khonje. Ndamva.

Mai Zulu wa shopu ya hadiweya: Ndiwonjezereko. Mkati mwa disolo ikanimo thimble, kachitsulo kopindika kokhala ndi ngalande, kuti chogwirira cha ndowa chizidya chitsulo osati chingwe. Funsani ya 16 mm ku mashopu a ku Down Shops m'tauni ya Chipata. Ikasowa, dulani kachidutswa ka payipi yothirira dimba, muveke chingwe musanayambe kuluka. Komanso a Phiri, chingwe cha buluucho chimaopa dzuwa. Chipotokoleni pang'ono muone mkati: ngati chikutuwa, kapena chikusiya ufa m'manja, chatha chimenecho, kuluka sikungachidzutse.

Tembo, Katete: Ndipo chingwe chotsitsira munthu chikhale china, chosalumikiza paliponse. Cha ndowa n'cha ndowa. Pamwala paja ikanipo chidutswa cha tayala, apo ayi sabata yamawa mubweranso ndi nkhani yomweyi.

Phiri wa ku Mchini: Zikomo nonse. Usiku ndinaphunzirira pa chidutswa cha mamita 6 chija. Diso loyamba linatuluka ngati chisa cha mpheta, ana anandiseka. Lachitatu linagona bwino. M'mawa uno ndaluka pa chenichenicho kasanu, ndi kapayipi mkati poti thimble sindinaipeze. Tinayesa ndi thumba la simenti la makilo 50, kulikweza ndi kulitsitsa kakhumi m'chitsime mulibe munthu, nsonga zangolowa pang'ono n'kuima. Tayala taika. A Mwale, Loweruka ndibwera ndi chingwe chakale mundionetse long splice ija, chosongoka ndasema kale.

Mwale wa malole: Bwerani chakumasana, mudzandipeza ku Kapata pamene timapakira. Mubwere ndi tepi yanu, yanga yatha.