Bambo ali pa dialysis, khungu likuwayabwa kwambiri: titani?

NaChinamwali:
Bambo anga amapita ku Queens kawiri pa sabata kukasefetsa magazi pa makina. Khungu lawo lauma mpaka kutuwa ngati adzola phulusa, ndipo usiku amakanda msana ndi miyendo mpaka kuchucha magazi. Piriton amangowagonetsa koma kuyabwa sikukutha. Odziwa, tithandizeni.

Wa ku Matawale:
Pepani mayi. Yambani ndi kusamba, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepo. Impso zikasiya kugwira ntchito, khungu silitulutsanso mafuta ndi thukuta mokwanira, ndiye madzi otentha ndi sopo waukali amachotsa ngakhale kamafuta kochepa katsalako. Madzi akhale ofunda chabe, asambe mphindi 5 mpaka 10, kamodzi patsiku. Sopo wochapira zovala ndi wa mankhwala ngati Dettol ayi. Chinkhupule ndi mwala wokhulira zisiyeni kaye. Pomaliza musawapukute mokhula. Ingowakhudzakhudzani ndi thaulo, ndipo khungu likadali lonyowa pang'ono, mphindi 3 zisanathe, apakeni Vaseline kapena mafuta a ku famase otchedwa emulsifying ointment. Mafuta ntchito yake n'kutsekera chinyezi m'khungu. Mukadikira khungu liume mbuu, palibe chotsekera. Bwerezani madzulo asanagone, ndipo m'miyezi ya chiperoni kuno ku Zomba, Juni ndi Julaye, pakani katatu. Mafuta onunkhiritsa amangowonjezera kuyabwa. Zikhadabo muziwenga zifupike.

Chonde musawaonjezere madzi akumwa poganiza kuti khungu lifewa. Madziwo sapita pakhungu, amakadzaza m'miyendo ndi m'mapapo.

Che Songani:
Zodzolazo n'zoona, koma ngati phosphorus (mchere wina wa m'zakudya umene impso zimachotsa ukachuluka) wachuluka m'magazi, mutha botolo lonse la Vaseline kuyabwa kulipobe. Makina sachotsa phosphorus yense, makamaka kwa wopita kawiri pa sabata. Pemphani adokotala ayeze phosphorus, calcium komanso PTH (homoni yoyendetsa calcium ndi phosphorus m'thupi). Kawirikawiri amafuna phosphorus asapitirire 1.8 mmol/L. Ndiwo zathu zomwezi ndiye zimamukweza: matemba a ku Chilwa ndi usipa amene timadya ndi minga yomwe, nsinjiro, mtedza wokazinga, chiwindi, mkaka, ndi zakumwa zakuda ngati Coca-Cola. Koma musawamane ndiwo zonse, wodwala wa dialysis amafunika zomanga thupi. Zoyera za dzira ndi nsomba yaikulu yochotsa minga n'zabwinoko.

Ngati anapatsidwa mapiritsi a calcium carbonate, azitafuna pamodzi ndi nsima, osati patapita ola atadya. Mapiritsiwo amagwira phosphorus m'matumbo chakudya chikadali momwemo. M'mimba mopanda kanthu sagwira kalikonse. Ndipo asamadumphe tsiku la makina kapena kupempha kuti awachotse msanga pothamangira minibasi.

NaChinamwali:
Mapiritsiwo amamwa m'mawa ndi tiyi basi. Ndamva tsopano. Nanga mankhwala ena alipo?

Mnzanu wa ku Sadzi:
Alipo, mayi. Piriton sathandiza kwenikweni chifukwa kuyabwa uku sikofanana ndi kwa ziwengo. Madokotala amapereka gabapentin, kuyambira pa 100 mg akangotsika pa makina, osati tsiku lililonse. Musagule nokha ku famase: mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndiye akachuluka munthu amazunguzika mutu, amadzandira ngati woledzera, nthawi zina kugwa kumene. Zodzola za steroid zogulidwa pamsika zimapepusa khungu, ndipo zitsamba zakumwa sizikudziwika kuti zili ndi potassium (mchere wina umene umasokoneza mtima ukachuluka m'magazi) wochuluka bwanji.

Musanaimbe mlandu impso, yang'anani pakati pa zala ndi m'chiuno. Ngati pali timatuza ndipo ena m'nyumbamo akukandanso, ndi mphere, mankhwala ake ndi ena, ndipo banja lonse lipake. Pamkono wa fistula (mtsempha umene madokotala anakonza kuti azibayapo singano za makina) asakandepo, ndipo tsiku la makina musapakepo mafuta pobaya singano, chifukwa plasita samata bwino. Pakafiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena thupi likatentha, musadikire tsiku lawo, pitani nawo ku chipatala tsiku lomwelo.