Kugaya chimanga ndi physical kapena chemical change? Thandizeni

Make Chiso wa ku Santhe:
Abale ndithandizeni, mwana wanga ali Fomu 1 pa CDSS ina kuno, labu kulibe ndiye awauza akayese okha kunyumba. Iye akuti chinthu chikasintha osabwereranso mwakale ndiye kuti ndi chemical change. Nanga ufa? Chimanga ukapita nacho kuchigayo sichibwereranso kukhala njere, ndiye tilembe chemical? Takanganatu mpaka nsima kuzizira.

Mphunzitsi wa ku Chamama:
Ayi mayi, ufa ndi physical. Lamulo la kubwerera lija limasokoneza ana ambiri, funso lenileni ndi loti kodi papangika chinthu chatsopano? Ufa ndi chimanga chomwechija changophwanyika. Koma ufa womwewo muupsereze pamoto usanduke wakuda bii, apo ndiye chemical. Muuzeni asungunule mchere m'madzi kenako awiritse mpaka madzi aphwe, mchere aupeza pansi pa poto uli mbuu. Akatero atenge soda wophikira uja afinyirepo ndimu, thovu likutuluka lija ndi mpweya wa carbon dioxide womwe kunalibe poyamba.

Wa njerwa ku Mtunthama:
Ine sukulu sindinapite nayo patali koma izi ndimaziona daily. Njerwa yosaotcha mvula ikaimenya imabwerera kukhala dothi, yootcha pa uvuni ngakhale muiviike m'madzi chaka sisungunuka ndipo imafiira. Si chemical imeneyo aphunzitsi?

Mphunzitsi wa ku Chamama:
Ndi yomweyo achimwene, moto umasinthiratu dothilo. Ngakhale fodya m'chigafa akamachoka kubiriwira kupita ku chikasu muli chemical, pomwe kutuluka kwa madzi m'masamba ndi physical, zinthu ziwiri nthawi imodzi, ngati kandulo yemwe phula lina limangosungunuka lina likuyaka.

Nabanda:
Ayesenso misomali. Mabotolo awiri, lililonse aikemo msomali, lina madzi wamba losatseka, lina madzi owiritsa bwino athire mafuta ophikira pamwamba kuti mpweya usalowe. Adikire masiku angapo, woyambawo uchita dzimbiri winawo ayi, chifukwa dzimbiri limafuna madzi ndi oxygen zonse pamodzi. Bola msomali ukhale wosapakidwa kanthu, aukwecheko kaye ndi mchenga.

Make Chiso wa ku Santhe:
Zikomo nonse, soda ndi ndimu tiyesa mawa akaweruka. Nanga thobwa likasasa pamenepo tilembe chani?

Nabanda:
Chemical amayi, shuga wa m'chimera uja tizilombo tosaoneka ndi maso tamusandutsa asidi, ndipo mukalisiyabe lipita ku mowa. Mwanayo angonunkhiza, asalawe kkkk